Jarome Iginla sanatengepo Stanley Cup, nanga ku Calgary amamulemekezeranji chonchi?

Funso: Ndakhala ku Calgary, m'dziko la Canada, miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Kuntchito anzanga sakamba za mpira wamiyendo, nkhani yawo ndi hockey ya pa ayezi basi. Dzina lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi la Jarome Iginla, ndipo majezi a nambala 12 ndimawaona paliponse ngakhale munthuyo anasiya kalekale kusewera. Wina anandiuza kuti bambo ake ndi a ku Africa. Koma nditafunsa kuti anatenga kangati chikho chachikulu cha ligi, anandiyankha kuti ngakhale kamodzi. Ndiye ulemu wonsewu ukuchokera pati? Kapena akungomukokomeza chifukwa timu yawo ilibe wina woti n'kumunyadira? Ndine bambo wochokera ku Zomba.

Yankho: Achimwene, anzanuwo sanakunamizeni mbali zonse ziwiri. Bambo ake a Iginla ndi Myoruba wa ku Nigeria, ndipo Iginla anasewera magemu 1,554 mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, osanyamulapo chikho cha Stanley Cup. Koma sikelo yomwe mwamuyezerayo, yowerenga zikho, siigwira bwino pa masewera amenewa. Kuti muone chifukwa chake tiyambe ndi momwe hockey imaseweredwera, popeza yankho lalikulu labisala pomwepo.

Pa ayezi pamakhala anthu asanu ndi mmodzi mbali iliyonse: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri ndi akutsogolo atatu. Amatsetsereka ndi nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi, n'kumalimbirana kachimbale kakuda ka labala kotchedwa puck, komwe amakamenya ndi ndodo yopindika kumapeto. Gemu ili ndi zigawo zitatu za mphindi 20 chilichonse. Zimenezi mwina mwaziona kale pa TV. Chomwe ambiri ozolowera mpira wamiyendo sachizindikira msanga n'chakuti osewera amasinthana gemu ili mkati, osadikira woyimbira, ndipo munthu amakhala pa ayezi pafupifupi masekondi 45 kenako n'kudumphira pabenchi ali wefuwefu. Timu imavala anthu 20 pagemu imodzi. Katswiri wakutsogolo, ngakhale akhale woopsa chotani, amasewera mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono pa mphindi 60. Mphindi zotsalazo amakhala pabenchi n'kumaonerera ngati inu ndi ine. Mu mpira wamiyendo katswiri amakhala m'bwalo mphindi zonse 90 ndipo angathe kuisenza timu pamsana. Mu hockey chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo izi si zongonena, ndi masamu.

Tsono onjezerani ulendo wokafika pachikhocho. Timu iliyonse imayamba yasewera magemu oposa 80. Kenako matimu 16 amalowa m'ndime ya chipulula, yomwe ili ndi magawo anayi, ndipo pagawo lililonse matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana kanayi. Ndiye kuti kuti munyamule chikho mufunika kupambana magemu 16 m'miyezi iwiri, anthu akugundana ndi kukanikizana pamatabwa ozungulira bwalo tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mupeza Marcel Dionne, yemwe anagoletsa zigoli 731, alibe chikhochi, pomwe Pat Maroon, wosewera wolimbikira koma wosafika n'komwe pamlingo wa Dionne, anachinyamula zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2019. Palibe munthu wodziwa hockey amene anganene kuti Maroon amaposa Dionne.

Tibwere kwa mwini nkhani. Iginla anabadwa pa 1 July 1977 ku Edmonton, mzinda womwe uli pafupifupi maola atatu pagalimoto kumpoto kwa komwe mukukhalako. Bambo ake anafika ku Canada ali mnyamata kuchokera ku Nigeria ndipo pambuyo pake anakhala loya. Mayi ake ndi mzungu wochokera ku Oregon, ku America. Ukwati wawo unatha mwanayo ali wakhanda, choncho anakulira m'manja mwa mayi ake ndi agogo ake akuchikazi m'tauni ya St. Albert, pafupi ndi Edmonton. Agogo ake aamuna ndi amene ankamuperekeza kumasewera. Dzina loti Iginla m'Chiyoruba limatanthauza mtengo waukulu, ndipo pakati pa mayina ake ambirimbiri palinso lakuti Adekunle. Ali mwana ankathanso kwambiri baseball, moti anafika poseweretsedwa m'timu ya achinyamata ya dziko.

Anakula nthawi yomwe Edmonton Oilers ya Wayne Gretzky ndi Mark Messier inkakolola zikho, koma yemwe mwanayu ankamuyang'anitsitsa anali goloboyi wa timuyo, Grant Fuhr, munthu wakuda. Iginla mwini wakhala akufotokoza kuti anzake akamamuuza kuti mu NHL mulibe anthu akuda, iye ankawatchulira Fuhr. Zaka zake zoyamba mu hockey anayambanso ndi ugoloboyi. Kumbukirani kuti munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL, Willie O'Ree, analowa mu 1958 ku Boston Bruins, ndipo panadutsa zaka zoposa khumi ndi zisanu asanalowenso wina. Choncho mwana wakuda wa ku Alberta wa m'zaka za m'ma 1980 analibe anthu ambiri oti awaloze n'kunena kuti uyu ndi wonga ine.

Njira ya mwana wa ku Canada yopita ku NHL imadutsa m'maligi a achinyamata a zaka 16 mpaka 20. Mnyamata amachoka pakhomo pa makolo, n'kukakhala ndi banja lachilendo m'tauni ya timu yomwe yamutenga, kumaphunzira masana, kumayenda maulendo ataliatali pabasi m'nyengo yachisanu. Iginla anapita ku Kamloops Blazers, m'chigawo cha British Columbia, ndipo kumeneko anatenga chikho cha Memorial Cup, chachikulu koposa pa achinyamata, kawiri motsatizana, mu 1994 ndi 1995. Ndiye mukamva kuti sanatengepo chikho, dziwani kuti akunena chimodzi chokha.

Apa pali chinthu china chomwe chimasiyana kwambiri ndi mpira womwe tinazolowera. Mu NHL mnyamata sasankha timu. Chaka chilichonse pamakhala mwambo wotchedwa draft, pomwe matimu amasankha achinyamata a zaka 18 mosinthana, ndipo matimu omwe sanachite bwino ndi omwe amayamba. Mu 1995 Dallas Stars inasankha Iginla pa nambala 11. Sanavalepo jezi ya Dallas ngakhale gemu imodzi. Mu December chaka chomwecho Dallas inamupereka ku Calgary Flames pamodzi ndi Corey Millen posinthanitsa ndi Joe Nieuwendyk, katswiri yemwe anali nawo pomwe Calgary inatenga Stanley Cup yake yokhayo mu 1989, koma panthawiyi anali atasemphana ndi akuluakulu a timu pa nkhani ya malipiro. Osewera amasinthanitsidwa chonchi, ngati mmene anthu amasinthanirana mbuzi ndi matumba a chimanga, ndipo mnyamata wa zaka 18 safunsidwa maganizo.

Taonani mmene mwayi umagawikira. Nieuwendyk anapita ku Dallas, timu ya ndalama, ndipo mu 1999 ananyamula chikho n'kusankhidwanso kukhala wosewera bwino koposa m'chipulula chonse. Iginla anapita ku Calgary, timu yomwe inali ikugwa. Masiku amenewo dola ya Canada inali yofooka kwambiri poyerekeza ndi ya America. Matimu a ku Canada ankatolera ndalama zapakhomo m'madola a kwawo koma osewera ankawalipira m'madola a ku America, ndipo panalibe malire a ndalama zomwe timu ingawononge pa malipiro. Matimu a Quebec ndi Winnipeg anasamukira ku America mu 1995 ndi 1996 pa zifukwa zonga zomwezi. Calgary inapulumuka, koma inkangogulitsa akatswiri ake mmodzimmodzi. Iginla analawa chipulula mu 1996, magemu awiri olimbana ndi Chicago, atangochoka ku Kamloops. Gemu yoyamba anapereka pasi yobala chigoli, yachiwiri anagoletsa yekha. Kuchokera apo timuyo inakhala zaka zisanu ndi ziwiri osalowanso m'chipulula. Munthu sungatenge chikho pa mpikisano womwe timu yako siikufikako.

M'zaka zouma zimenezo ndi momwe anthu a ku Calgary anayamba kumukonda. Kunalibe china choti apitire ku Saddledome, bwalo lija la denga lopindika ngati chishalo cha hatchi, kupatula mnyamata wa nambala 12. Kaseweredwe kake kanali ka mtundu womwe a ku Canada amaulemekeza kuposa wina uliwonse: wakutsogolo wa mbali ya kumanja, wamphamvu, wolowa m'makona momwe anthu amaphwanyana, woteteza kachimbale ndi thupi lake, ndipo akakamenya goloboyi ankangomva kulira kwa ukonde. Komanso ankamenya nkhonya. Mwina izi zakudabwitsani kale, kuti anthu awiri amavula magolovesi n'kuyamba kuswana woyimbira akungoyang'ana. Mu NHL chilango cha ndewu ndi kukhala panja mphindi zisanu basi. Kale matimu ankalemba anthu apadera a ntchito yomenya, oti aziteteza akatswiri. Iginla anali katswiri wodzimenyera yekha nkhondo zake. Ine ndewu za mu hockey sindizikonda, makamaka lero pomwe tikudziwa zomwe kugundidwa m'mutu mobwerezabwereza kumachita ku ubongo, koma simungamvetse chikondi cha anzanuwo mukachotsapo mbali imeneyi.

Sizoni ya 2001 mpaka 2002 ndiyo inamuika pamwamba. Anagoletsa zigoli 52 ndi kupeza mapointi 96. Mu hockey pointi ya wosewera ndi chigoli kapena pasi yobala chigoli, ndipo pa chigoli chimodzi anthu awiri omaliza kupatsira angalembedwe. Nambala 52 payokha singakuuzeni zambiri mpaka mutamva kuti omutsatira anali ndi 41. Inali nthawi yomwe zigoli zinkasowa mu ligi, matimu akungotchinga, otchinga kumbuyo akukoka ndi kugwira anzawo oyimbira osalankhulapo. Ndipo chikho cha Art Ross, chopatsidwa kwa wopeza mapointi ambiri, kuyambira 1981 mpaka 2001 chinkangozungulira mwa anthu atatu: Gretzky, Mario Lemieux ndi Jaromir Jagr. Zaka 21 anthu atatu okha. Wothyola mzere umenewo anali Iginla, munthu wakuda woyamba kutenga chikhochi, akusewera m'timu yomwe sinalowe n'komwe m'chipulula. Osewera anzake anamuvotera kukhala wopambana onse chaka chimenecho. Mphoto ina ya mtundu womwewo, Hart Trophy, yomwe amavota ndi atolankhani, anafanana pa zotsatira za mavoti ndi goloboyi wa Montreal, José Théodore, ndipo Théodore anaitenga chifukwa anali ndi mavoti ochulukirapo omuika pa nambala wani. Nkhani imeneyi musaiyambitse kuntchito ngati muli ndi changu.

Mkati mwa sizoni yomweyo munali masewera a Olympics a m'nyengo yachisanu ku Salt Lake City. Muyenera kudziwa kuti Canada, dziko lomwe limati hockey ndi yake, inali isanatenge mendulo ya golide pa masewerawa kuyambira 1952. Zaka 50 za manyazi. Iginla sanali n'komwe pamndandanda woyamba wa oitanidwa kokonzekera. Anaitanidwa mochedwa wina atavulala. Koma pa fainolo, pa 24 February 2002, Canada inagonjetsa America 5-2, ndipo ziwiri mwa zigolizo zinali zake, akusewera pambali pa Joe Sakic. Iye anakhala mwamuna wakuda woyamba kutenga golide pa Olympics ya m'nyengo yachisanu. Ku Salt Lake City komweko anakumana ndi ochemerera ochokera ku Calgary omwe ankagona m'galimoto chifukwa chosowa malo, ndipo anawapezera chipinda kuhotelo n'kulipira yekha. Nkhaniyi inatuluka kudzera mwa anthuwo, osati mwa iye.

Tsopano tifike pa 2004, chifukwa funso lanu lonse lagona pamenepa. Chakumayambiriro kwa sizoniyo Craig Conroy, yemwe anali kaputeni, anapereka udindowo kwa Iginla. Mphunzitsi anali Darryl Sutter, mlimi wa ng'ombe wa ku Alberta wosaseka ndi munthu. Pagolo anabweretsa munthu wa ku Finland, Miikka Kiprusoff, yemwe ku San Jose anali wachitatu pamzere wa magoloboyi, ndipo atafika ku Calgary anasanduka khoma. Iginla anagoletsa 41, kufanana ndi Rick Nash ndi Ilya Kovalchuk pamwamba pa ligi. Timu inalowa m'chipulula ili pa nambala 6 kuchigawo cha kumadzulo, palibe amene ankaiwerengera. Inatulutsa Vancouver, inatulutsa Detroit yodzaza ndi akatswiri, inatulutsa San Jose, onse atatu otsogola m'magulu awo. Gemu iliyonse ikatha anthu zikwizikwi ovala zofiira ankakhamukira mumsewu wa 17th Avenue, womwe kuyambira pamenepo umatchedwa Red Mile. Mukadutsako Loweruka likubwerali, dziwani kuti dzinalo linabadwa m'miyezi iwiri imeneyo.

Fainolo inali yolimbana ndi Tampa Bay Lightning. M'gemu yachitatu Iginla anamenyana ndi Vincent Lecavalier, katswiri wa Tampa, chinthu chosaoneka kawirikawiri kuti akuluakulu awiri a matimu aswane pa fainolo. M'gemu yachisanu, ku Tampa, nthawi yowonjezera, chipewa chake chotetezera mutu chinagwa koma anapitiriza kulimbana ali mutu pamtunda, anamenya kachimbale kulunjika pagolo, goloboyi anabweza, Oleg Saprykin n'kumalizitsa. Calgary inatsogola magemu atatu kwa awiri, ndipo gemu yachisanu ndi chimodzi inali pakhomo. Kupambana kamodzi kokha, chikho chikanatsala mumzinda mukukhalamo.

M'chigawo chachitatu cha gemu imeneyo, zigoli zili 2-2, kachimbale kanagunda nsapato ya Martin Gélinas wa Calgary n'kulowera kugolo, goloboyi Nikolai Khabibulin n'kukabweza ndi mwendo. Masewera sanaimitsidwe. Pambuyo pake chithunzi china cha pa TV chinaonetsa ngati kachimbaleko kanali katadutsa mzere. Ena amati ndi mmene kamera inaimira, popeza kachimbale kakakhala m'mwamba pang'ono kamaoneka ngati kadutsa pomwe sikanadutse. A ku Calgary safuna kumva zimenezo. Mukadzamva wina akuti "It was in", ndiye kuti kanalowa, akunena za usiku umenewo, ndipo inu mudzangogwedeza mutu movomereza. Martin St. Louis, yemwe Calgary inali itamutaya zaka zinayi m'mbuyomo pomuona ngati wamfupi kwambiri, anagoletsa m'nthawi yowonjezera yachiwiri. Gemu yachisanu ndi chiwiri Tampa inapambana 2-1. Iginla anatsiriza chipulula chimenecho ndi zigoli 13, kuposa wina aliyense.

Ndiye kusiyana kwa Iginla wachikho ndi Iginla wopanda chikho ndi utali wosakwana chala, pa kachimbale komwe sanakamenye ndi iye. Ngati kachimbale kaja kakanalembedwa kuti ndi chigoli, simukanandilembera kalatayi, chonsecho munthuyo akanakhala yemweyo, zigoli zake zomwezo.

Tsoka silinathere pomwepo. Sizoni yotsatira yonse, ya 2004 mpaka 2005, inathetsedwa chifukwa eni matimu ndi bungwe la osewera anakanika kugwirizana pa nkhani yoika malire a malipiro. Kanali koyamba kuchokera mu 1919 kuti Stanley Cup isaperekedwe. Iginla anali ndi zaka 27, msinkhu womwe wosewera amakhala pachimake, ndipo timu inali itangotentha. Chaka chathunthu chinapita m'madzi. Ligi itayambiranso, malamulo anasinthidwa kuti masewera azithamanga, kukoka ndi kugwira kuja kukhale kolangidwa, ndipo Calgary yomangidwa pa mphamvu ndi kutchinga inayamba kutsalira. Kuyambira 2006 mpaka 2009 inkalowa m'chipulula koma n'kutuluka pagawo loyamba chaka chilichonse. Kenako inasiyiratu kulowa.

Iye payekha sanafooke. Mu 2007 mpaka 2008 anagoletsanso 50 ndi mapointi 98. Anakhala masizoni 11 otsatizana akugoletsa zigoli 30 kapena kuposa, zomwe ndi anthu owerengeka okha anazichitapo m'mbiri ya ligi. Ndipo ichi n'chomwe ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse: wosewera wa m'mbali amadalira wapakati womupatsira, monga mmene womwetsa zigoli mu mpira wamiyendo amadalira nambala 10. Jari Kurri anali ndi Gretzky. Jagr anali ndi Lemieux. Iginla zaka zake zonse ku Calgary sanapatsidwe wapakati wa mlingo umenewo. Conroy ndi Daymond Langkow anali osewera abwino, olimbikira, koma palibe amene angawaike pagulu la akatswiri a ligi. Akuluakulu a timu anayesa uyu ndi uyo, osaphula kanthu. Funso lomwe limandisowetsa mtendere si lakuti n'chifukwa chiyani sanatenge chikho, koma kuti akanagoletsa zingati akanakhala ndi womupatsira woyenera.

Kachidutswa ka yankho tinakaona pa 28 February 2010 ku Vancouver. Fainolo ya Olympics, Canada ndi America kachiwirinso, pakhomo. America inabweza chigoli kutatsala masekondi 24 kuti gemu ithe, zigoli 2-2, dziko lonse linangoti zii. M'nthawi yowonjezera Iginla anali pakona akulimbana ndi wotchinga kumbuyo wa America, ndipo Sidney Crosby, katswiri mnzake wa timu ya Canada, anakuwa kuti "Iggy!" Iginla, akugwa, anakankhira kachimbale kwa Crosby, yemwe anakalowetsa pakati pa miyendo ya goloboyi Ryan Miller. Chigoli chimenecho mwana aliyense wa ku Canada amachidziwa, ndipo mawu omwe amamveka chisanalowe ndi dzina la mwana wa Mnaijeriya. Pa mpikisano umenewo Iginla anagoletsa zisanu, kuposa onse. Pamwamba pa golide wa Olympics uwiriwo ali ndi golide wa mpikisano wa dziko lonse wa achinyamata wa 1996, wa akuluakulu wa 1997, ndi World Cup ya 2004.

Pali pomwe ndimamudzudzula, kapena tinene kuti pomwe ndimamumvera chisoni. Anakhalitsa ku Calgary. Pofika 2010 zinali zoonekeratu kuti timuyo yakalamba ndipo ikufunika kugwetsedwa n'kumangidwanso, koma iye ndi akuluakulu ake anapitiriza kuyembekeza kuti chaka chamawa zisintha. Mgwirizano wake unali ndi mfundo yoti sangasinthanitsidwe popanda chilolezo chake, ndipo ankalandira madola 7 miliyoni pachaka. Anavomera kuchoka mu March 2013 ali ndi zaka 35, liwiro litayamba kuchepa. Boston inkaganiza kuti yamutenga, nkhani inali itafalikira kale usiku umenewo, koma iye anasankha Pittsburgh ya Crosby. Patangopita miyezi iwiri matimu awiriwo anakumana m'ndime yolowera ku fainolo, ndipo Boston inakwapula Pittsburgh magemu anayi osabweza ngakhale imodzi. Pittsburgh inagoletsa zigoli ziwiri zokha m'magemu onsewo. Chaka chotsatira anapita ku Boston komwe anakana kuja, anagoletsa 30, timu inatsogola ligi yonse pa mapointi, koma Montreal inaitulutsa pagawo lachiwiri. Anasamukira ku Colorado, komwe anagoletsa chigoli chake cha nambala 600 mu January 2016, koma timuyo inali yofooka. Pittsburgh yomwe anaisiya ija inatenga chikho mu 2016 ndi 2017. Anamalizira ku Los Angeles mu 2017, nayonso sinalowe m'chipulula. Katswiri wina wotchinga kumbuyo, Ray Bourque, anachita zofanana, kuchoka ku Boston atakhalako zaka zoposa 20, ndipo iye zinamuyendera, ananyamula chikho ku Colorado mu 2001. Iginla anaponya msampha kanayi, mbewa inadutsa kwina.

Analengeza zopuma mu July 2018 ali ndi zigoli 625, mapasi obala zigoli 675, mapointi 1,300 ndendende. Mwa izi, zigoli 525 ndi mapointi 1,095 anazipeza atavala jezi ya Calgary m'magemu 1,219, ndipo palibe wina m'mbiri ya timuyo amene anafikapo pa manambala atatuwa. Kuti musapite nazo patali: si Gretzky. Gretzky ali ndi mapointi 2,857, kuposa kuwirikiza kawiri. Anzanuwo akadzati Iginla ndi wamkulu kuposa onse m'mbiri ya hockey, pamenepo ndiye akukokomeza. Koma pa osewera a m'badwo wake, a mbali ya kumanja, ophatikiza kugoletsa ndi mphamvu, n'kovuta kutchula womuposa. Pa 2 March 2019 Calgary inapachika nambala 12 kudenga la Saddledome, kutanthauza kuti palibe wosewera wa timuyo adzaivalenso. Mu 2020, chaka choyamba chomwe malamulo ankalola, anasankhidwa kulowa mu Hockey Hall of Fame ku Toronto, nyumba yolemekezera ngwazi za masewerawa, munthu wakuda wachinayi pambuyo pa Fuhr yemwe ankamusirira uja, Angela James ndi O'Ree.

Pa zoti timu yawo ilibe wina womunyadira, muli kachoonadi pang'ono. Calgary ili ndi chikho chimodzi chokha, ndipo kuyambira pomwe Montreal inapambana mu 1993 kufika mu 2025 palibe timu ya ku Canada yomwe inatenganso Stanley Cup. Akatswiri angapo akhala akuchoka ku Calgary kupita kumizinda yofunda ya ku America. Munthu amene anakhala zaka pafupifupi 17 m'mzinda wozizira umenewo, akanatha kuchoka kale, anthu samuiwala. Onjezeranipo kuti kuyambira mu 2000 ankapereka madola 1,000 pa chigoli chilichonse ku bungwe la KidSport, lomwe limalipirira ana a m'mabanja osowa kuti azichita masewera, ndipo pambuyo pake anakweza kufika pa 2,000. Ngati muli ndi ana ndipo ayamba kukuvutitsani kuti akufuna nsapato za pa ayezi, dzina la bungwe limeneli mulisunge, chifukwa hockey ndi masewera odula: nsapato, ndodo, chipewa, zotetezera thupi ndi ndalama yolembetsera, zonsezi mwana akukula chaka ndi chaka.

Munthuyo sanachokeretu. Mu 2023 Conroy, mnzake uja anamupatsa ukaputeni, atakhala mkulu woyendetsa timu, anamuitana kuti akhale mlangizi wake. Ndipo mu draft ya 2024 munali mnyamata wina wakutsogolo dzina lake Tij Iginla, mwana wake. Calgary inali ndi mwayi wosankha pa nambala 9, ndipo mzinda wonse unkawerenga zala kuti mwanayo afike pamenepo asanatengedwe. Utah inamusankha pa nambala 6, malo asanu patsogolo pa pomwe anasankhidwira bambo ake. Lolemba mukafika kuntchito afunseni anzanuwo komwe anali pomwe dzina la Tij linkatchulidwa, koma muyambe mwathira tiyi wanu, chifukwa sayankha mwachidule.